Kanema wa Mkamwini

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinaweta mbuzi ngati mwana wina aliyense, ndinakwapulidwa kusukulu ya mishoni ngati wina aliyense, basi. Amayi anu angakuuzeni zimenezo mukazifuna, poti iwo amazidziwa kuposa mwini wakene. Ine ndiyambira pa ntchito, ndipo pano ndilemba za munthu amene dzina lake simunalimvepo pakamwa panga, ngakhale tinayenda naye m'galimoto imodzi zaka zinayi.

1953, Katete

Ndinalembedwa ntchito chaka chimene Chitaganya, boma la azungu lomanga pamodzi maiko atatu, chinayamba, ndili ndi pepala langa la Sitandade Sikisi. Anandiika pa galimoto ya kanema imene inkazungulira m'midzi, yomwe anthu ankaitcha bayisikopo. Tinkayenda atatu: dalaivala, ine woyendetsa makina, ndi wolankhula. Makanema amene ankatipatsa masiku amenewo analibe mawu. Anthu a pa chinsalu ankangotsegula pakamwa ngati nsomba, ndipo wolankhula ankaima pambali ndi chimkuzamawu n'kumawayankhulira. Ine ntchito yanga inali kuliza injini, kumanga chinsalu pakati pa mitengo iwiri dzuwa likamalowa, kukoleka filimu, ndi kuilumikiza ndi sizasi ndi guluu ikaduka. Inkaduka kawirikawiri, chifukwa fumbi la msewu wa ku Vubwi linkalowa ngakhale m'chitini chotseka.

Bwana wathu anali mzungu wamtali amene tinkamutcha Bwana Kaliwo, chifukwa sankachotsa kaliwo pakamwa, muli fodya kaya mulibe. Iyeyu ndiye anandiphunzitsa fomu. Tikatha kuonetsa, aliyense wa ife awiri, wa makina ndi wolankhula, ankadzaza yake. Inali ndi mafunso anayi: anthu anabwera angati, anaseka, anamvetsa, anakhala mpaka kumapeto. Pansi pake panali kabokosi kolembamo malikisi a kanemayo, kuyambira wanu mpaka faifi, ndi mizere itatu yolembapo chifukwa chake. Mafomuwo ankapita ku Fort Jameson, kumene lero mukuti Chipata. Kanema wochuluka mawanu ankatsekeredwa m'chitini osatulukanso, wochuluka mafaifi ankazungulira dziko lonse. Choncho tinali oweruza, ana anga, ngakhale tinkagona pansi pa galimoto.

Ine njira yanga inali yosavuta. Anthu akaseka kwambiri, faifi. Akaseka pang'ono, fili. Akangokhala duu, thu. Ndinkalemba ndi dzanja lokongola la kumishoni, zilembo zopendekera mbali imodzi ngati chimanga chamvera mphepo, ndipo Bwana Kaliwo ankakweza fomu yanga m'mwamba kuonetsa akalaliki a mu ofesi. Zaka ziwiri zimenezo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, sindinama.

1955

Wolankhula wathu woyamba anapita ku migodi, ndipo m'malo mwake munabwera Aroni Tembo wa ku Sinda. Ha, ndikadadziwa! Kamunthu kakafupi, mano otalikirana, malaya aakulu ngati a malume ake, sukulu kanalekezera Sitandade Folo. Kalembedwe kake kanali ngati pamene papalasa nkhuku. Ndinamuona n'kunena mumtima kuti uyu sathera mwezi. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ine kalumoko sindinakaone.

Tsiku loyamba tinaonetsa m'mudzi wina pafupi ndi Mkaika. Aroni atagwira chimkuzamawu, munthu aliyense wa pa chinsalu anapeza mawu akeake. Nkhalamba inkatsokomola isanayankhule, mkazi ankanyinyirika m'mphuno, ngakhale galu ankadandaula za njala. Tikapita cha ku Sinda ankatembenuka n'kuyamba Chinsenga, poti kwawo amalankhula zonse ziwiri. Tikamaliza, anthu ankamuzungulira, amayi akumupatsa mtedza wokazinga m'chikhatho. Ine ndinkatsala kumbuyo ndi makina otentha, tizilombo tothamangira kuwala titadzaza m'khosi mwa malaya, popanda ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti zithunzizo zikutuluka m'manja mwa yani.

Zimenezo ndikadapirira, poti kulankhula sinali ntchito yanga. Chimene chinandidya chinali fomu. Tsiku limenelo ndinadzaza yanga pomwepo monga mwa masiku onse, koma yake anangoipinda n'kuika m'thumba.

"A Tembo, fomu yanu bwanji?" ndinafunsa.

"Kanema sanathe, a Mbewe."

"Sanathe bwanji, poti ndamutsekera m'chitini ndi manja angawa?"

"Inu mwatseka chitini. Anthu sanatseke pakamwa. Tikamva mawa kuchitsime."

M'mawa mwake anatenga ndowa ya galimoto ngati akukatunga madzi, n'kukakhala pafupi ndi chitsime akutsuka malaya ake aakulu aja, khutu lili kwa amayi. Atachoka kumeneko anazungulira pamene amuna ankasema mipini. Ndiye anabwera kudzalemba. Kanemayo anali wophunzitsa kuwiritsa madzi akumwa, ndipo ine ndinali nditapereka faifi chifukwa anthu anaseka mpaka kugwirana. Aroni anapereka thu. Analemba kuti mkazi wa m'kanemayo anasenza mtsuko popanda nkhata, ndipo kuchitsime amayi onse ankangokamba za mutu wa mkaziyo, kuti ndi wa m'tauni wosadziwa ntchito, nanga angatiphunzitse chiyani. Za kuwiritsa madzi panalibe anazitchula.

Ulendo wina tinaonetsa kanema wozizira wa kamangidwe ka nkhokwe yosalowa makoswe. Panalibe anaseka, ine ndinapereka thu. Aroni anapereka faifi, chifukwa m'mawa anapeza amuna anayi akukangana pa nkhokwe ya mnzawo, akuyeza miyendo yake ndi zikhatho. Anandiuza akumwetulira, osadziwa kuti akundilasa, kuti kuseka kuli mitundu itatu. Kuli kuseka kokondwa, kuli kuseka kwa manyazi pamene munthu waona chosayenera kuonedwa pagulu, ndipo kuli kuseka konyoza. "Inu a Mbewe mumakhala pafupi ndi injini, zonse zimamveka chimodzimodzi," anatero. Sankandinyoza, ayi. Akadandinyoza bwenzi zili bwino, ndikadakhala ndi chifukwa.

Sipanapite miyezi itatu, Bwana Kaliwo anayamba kuwerenga mafomu a Aroni mokweza mu ofesi, akuvutika ndi zilembo za nkhuku zija, akugwedeza mutu. Yanga ankangoiyang'ana pamwamba n'kuiika pambali. Tsiku lina anandiuza m'Chinyanja chake chothyokathyoka, akalaliki onse akumva, "Mbewe, iwe dzanja labwino. Koma Tembo ali ndi makutu." Akalaliki anaseka. Kuseka kumeneko ndinakudziwa mtundu wake popanda wondiuza.

1957, Vubwi

Zosowa zinali zambiri. Petulo ankatha tili pakati pa ulendo, guluu akasowa ndinkalumikiza filimu ndi utomoni, ndipo babu la makina ankatipatsa limodzi lokha, losungira kunalibe. Ku Vubwi, kufupi ndi malire a Apwitikizi, babulo linaphulika kanema ali pakati. Anthu anali atayenda mitunda, ena ochokera tsidya la Nyasalande. Ndinatuluka thukuta, ndikudziwa kuti atitukwana. Aroni anauza dalaivala kuti ayatse nyali za galimoto, anaima kutsogolo kwa chinsalu chopanda kanthu, n'kumaliza nkhani yonse ndi pakamwa ndi manja. Anthu anaomba m'manja kuposa masiku onse. Pobwerera kwawo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti lero bayisikopo inakoma. Makina anga, amene ndinkawapukuta tsiku ndi tsiku ngati mwana wakhanda, panalibe anawasowa.

Ngakhale kunyumba sindinkapuma. Nthawi imeneyo ndinali nditakwatira, ndikukhala chikamwini kwawo kwa amayi anu kufupi ndi Katete. Amayi anuwo anaonera kamodzi kokha, koma sabata yonse ankabwereza nthabwala za a Tembo ine ndikudya. "Koma a Tembo aja, mayo ine, nthiti zanga!" Ndinkasiya mbale n'kutuluka panja. Nsanje, ana anga, ndiyo dzina la chimene ndinali nacho. Sindiyipatsa dzina lina.

1959

Chaka chimenecho kunabwera zinthu ziwiri pamodzi. Choyamba, Bwana Kaliwo anatiitana awirife n'kutiuza kuti ku Fort Jameson, pa gome pamene azungu ankaonera makanema atsopano ndi kuwaweruza asanatumizidwe kumidzi, akufuna kuikapo munthu wakuda mmodzi. Nyumba ya malata, tayi pakhosi, kugona pansi pa galimoto kutha. Anati asankha pakati pa ife chaka chisanathe. Aroni anangoti zikomo bwana. Ine ndinadziwa kale amene adzasankhidwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo tulo tanga tinachepa.

Chachiwiri, kunabwera kanema watsopano amene nkhani yake analemba Bwana Kaliwo mwini, ndipo ankamukonda ngati mwana wake woyamba. Munali mnyamata wakhama amene afika ndi bulangete lake pamudzi wa mkazi, akwatira, apatsidwa munda ndi apongozi ake. Alima thonje m'mizere, adzala mango kuzungulira bwalo, aumba njerwa, amanga nyumba yaikulu pamudzi pomwepo. Mnzake waulesi angokhala m'kanyumba kaudzu. Pamapeto wakhama uja aima pakhomo pa nyumba yake ya njerwa, manja m'chiuno.

Tinaonetsa ku Mkaika, ku Sinda, ku Vubwi. Kulikonse zinali zimodzi. Akayamba kudzala mango anthu ankayamba kung'ung'udza, akayamba kuumba njerwa amuna ankagwa chagada ndi kuseka, ndipo akaima pakhomo paja panali phokoso loti injini yanga sinkamveka. Ku Sinda bambo wina anafuula, "Manga, manga, udzachoka ndi bulangete lomwelo!" Ine ndinadziwa chimene ankaseka. Ndikanalephera bwanji kudziwa, poti inenso ndinali mkamwini, ndipo kwawo kwa amayi anu sindinadzalepo ngakhale mpapaya? Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ukwati ukatha kaya mkazi akamwalira, nyumba ndi mitengo zimatsalira eni mudzi, iwe umabwerera kwanu. Kwa anthu athu, wanzeru m'kanemamo anali wa kanyumba kaudzu uja. Ndinadziwa zonsezi, koma ndinalemba faifi, n'kuwonjeza ndi dzanja langa lokongola kuti anthu anakondwa kwambiri.

Aroni analemba wanu. Ndinamuona akulemba pa bondo, lilime lili kunja. Ndinati, "A Tembo, mukudziwa amene analemba nkhani imeneyi?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"Ndiye amve, a Mbewe. Akapanda kumva kwa ife akamva kwa yani? Kanemayu akuphunzitsa anthu kuti wolimbikira ndi chitsiru."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, Mulungu andikhululukire. Sindinamuletsenso.

Masiku amenewo dziko linali litatentha. Anthu ankadana ndi Chitaganya, ndipo m'midzi ina ankati bayisikopo ndi pakamwa pa boma. Ku Vubwi anatiponyapo miyala, galasi la galimoto n'kusweka. Azungu ankaona ndale paliponse. Bwana Kaliwo ataona fomu ya Aroni sanaiwerenge mokweza. Anandiitana ndekha, natseka chitseko, mafomu awiri ali pa tebulo, wanu ndi faifi.

"Mbewe, anthu aseka kanema wanga chifukwa chiyani? Tembo anena kanema woipa. Ine ndiganiza Tembo aika mawu ake. Aseketsa anthu dala, anyoza boma. Iwe uli pamenepo masiku onse. Tembo anena zimene zili pa pepala, kapena zake?"

Aroni ankanena zimene zinali pa pepala. Pa kanema ameneyu anasiya ngakhale nthabwala zake, kuyesa kumupulumutsa. Ndinali ndi yankho loona pakamwa, lalifupi. Ndinayang'ana pazenera, ndinaona Aroni panja akuthandiza dalaivala kupopa tayala, malaya aakulu aja akuuluzika. Ndinaganiza za nyumba ya malata, ndinaganiza za amayi anu akuseka nthabwala zake, ndiponso za mkazi wa Aroni akulowa m'nyumba imeneyo.

"M'Chichewa amanena za pa pepala, bwana," ndinatero. "Koma ku Sinda amalankhula Chinsenga. Ine Chinsenga sindimva."

Mchewa uti wa ku Katete amene samva Chinsenga? Timagula nawo pamsika, timakwatirana, timaikana maliro. Mwana aliyense akadandiseka. Koma bwana sankadziwa zimenezo, ndipo ine ndinkadziwa kuti sadziwa. Anachotsa kaliwo pakamwa, kanthu kamene sindinaonepo, n'kunena kuti ndingathe kupita.

Mwezi womwewo Aroni anachotsedwa ntchito, pa kalata yake atalembapo kuti ndi wosakhulupirika. Ndi mawu amenewo sakanalembedwanso ntchito ya boma kulikonse. Sanadziwe kuti ine ndinafunsidwa. Anabwera kudzanditsanzika, kathumba kake kali paphewa. "Mwina ndinalemba molimba kwambiri, a Mbewe," anatero. "Musamale babu, musaligwire ndi manja amafuta." Ndinamuperekeza mpaka pa msewu waukulu. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndinadziuza choncho pobwerera, ndipo ndinadya bwino tsiku limenelo.

1960 mpaka 1962, Fort Jameson

Ndinapeza nyumba ya malata ndi tayi. Amalume a amayi anu analola kuti ndiwatenge, ndipo inu awiri oyamba munabadwira kumeneko. Pa gome tinkakhala anayi, azungu atatu ndi ine. Tinkatseka mazenera ndi mabulangete masanasana, kuonera kanema watsopano, kenaka aliyense n'kunena mphamvu zake ndi zofooka zake. Azungu ankakamba za kuwala kwa zithunzi, za kutalika kwa nkhani, za wosewera amene akuyang'ana kamera. Akamaliza ankatembenukira kwa ine. "Nanga anthu akumudzi, Mbewe?" Ine ndinkati akondwa, bwana. Kanema wina, akondwa, bwana. Pofika chaka chachiwiri anasiya kutembenuka. Ndinkakhala pamenepo ndi tayi wanga ngati mphika wamaluwa.

Mu 1962 Bwana Kaliwo anabwerera kwawo. M'malo mwake munabwera mzungu wachinyamata wa magalasi, wofunsafunsa, amene ankandiyankhula ndi ulemu, a Mbewe, inu. Iyeyu anadabwa kuti kanema wa nyumba ya njerwa uja ali ndi mafaifi ochuluka kuchokera ku magalimoto onse, koma alangizi a zaulimi akudandaula kuti alimi amawaseka akamutchula. Anamuikanso pa makina, tinaonera, natembenukira kwa ine. Pamenepo ndinatsegula pakamwa n'kutulutsa Aroni yense. Ndinanena za mango, za njerwa, za bulangete. Ndinanena kuti kuseka kuli mitundu itatu, ndinanena kuti kanema amaweruzidwa m'mawa kuchitsime. Mzunguyo ankalemba mofulumira mpaka pensulo inathyoka. Kanemayo anatsekeredwa m'chitini tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo bwanayo sankayamba kulankhula ine ndisanalankhule. Ndinkakumbukira zimene Aroni ananenapo pa makanema akale n'kumazisita kuti zikwane atsopano. Zinkakwana ndithu, koma thumba linkapepuka mwezi ndi mwezi.

1963, Sinda

Pakati pa chaka chimenecho bwana wa magalasi anandiitana. Anati azungu akupita, gome lidzatsala m'manja mwa eni dziko, ndipo akufuna munthu wachiwiri woti akhale pambali panga. Anali ataika kale mpando. Anandipatsa kalata ya ntchito yosainidwa kale, malo a dzina ali osalemba. "Mupeze munthu wa makutu ngati anu, a Mbewe. Za sukulu sindisamala, za makalata akale a m'mafailo sindisamala. Mulembepo dzina nokha."

Nditawauza amayi anu, sanaganize n'komwe. "Si a Tembo kodi?" Iwo sankadziwa chimene ndinachita, ndipo adzachidziwa powerenga pano pamodzi ndi inu. Ndinavomera. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, ndinakwera basi ya ku Sinda ndi mtima wofuna kukonza. M'njira monse ndinkayeseza mawu opepesa, kalata ili m'thumba la jekete.

Ndinamupeza pa msika wa thonje masana, dzuwa lili pamutu. Sankagulitsa, ankasenza mabelo a eni ake kukweza pa lole. Anali ataonda, tsitsi lili mbuu ndi thonje, malaya ong'ambika paphewa. Atandiona anaponya belo pansi.

"A Mbewe! Ndi tayi yemwe! Mayo, bwerani mukhale pamthunzi mungade."

Tinakhala pansi pa mtengo. Anathyola nzimbe pa bondo n'kundipatsa mbali ya kutsinde, yotsekemera. Ndinafunsa za kunyumba. Anati ana ndi asanu, wamkulu anasiya sukulu, munda ndi wamchenga, koma ali moyo. Sanadandaule. Anafunsa za makina, ngati ndimalumikizabe filimu ndi utomoni. Ndinaganiza zoyamba ndi nkhani yabwino ndisanatulutse kalata.

"Kanema wa mkamwini uja anamuchotsa," ndinatero. "Ndinawauza za mango ndi njerwa. Munali olondola, a Tembo."

Ndinkayembekeza kuti akondwa. Analavula makoko a nzimbe n'kundiyang'ana ngati ndamuuza za maliro.

"Anamutaya? Aa, iyayi, a Mbewe. Kanema uja ndi wabwino. Mizere ya thonje ija inaoneka bwino kuposa m'makanema onse, ndipo mnyamata uja amadziwadi kugwira khasu. Kanemayo amangodwala malo amodzi."

"Si inu munapereka wanu?"

"Ndinapereka wanu momwe analili. Mizere itatu ya pa fomu inandithera ndisanalembe mankhwala ake, ndinkati bwana akandiitana ndikanena pakamwa. Mukukumbukira cha kumapeto, paja mwamuna ndi mkazi akuyenda m'kanjira, mkazi atasenza mtolo, mwamuna atanyamula nkhuku ndi mphasa, akupita kukacheza? Dulani pamenepo. Mukaike kutsogolo, ukwati utangotha, asanagwire khasu. Aliyense woona adzati wapempha chitengwa, watenga mkazi kupita naye kwawo. Ndiye mangowo akudzala kwawo, njerwazo akuumba kwawo. Apongozi aja akamaonekanso, wolankhula angoti abwera kudzaona mwana. Palibe adzaseke. Ndi ntchito ya sizasi ndi guluu basi, inu mungaithe tiyi asanazizire."

Ana anga, ndinaika nzimbe pansi. Kanema ameneyo ndinamukoleka ndi manja anga kosawerengeka. Kanjira kaja ndinkakadziwa, ndinalumikizapo kawiri pamene filimu inaduka. Sizasi ndi guluu inali ntchito yanga, yanga ine, osati yake. Ndinakhala pa gome la oweruza zaka zitatu ndi tayi pakhosi osaona zimenezo, ndipo munthu wosenza mabelo, amene sanaone chinsalu zaka zinayi, anazitulutsa akutafuna nzimbe. Ndinamuona atakhala pa mpando uja pambali panga. Ndinaona bwana wa magalasi akutembenukira kwa iye, sabata yoyamba yomwe, akuzindikira kumene kunkachokera zonse zimene ndinkanena. Mawu opepesa amene ndinayeseza m'basi anauma. Nsanje yakale ija inadzuka ili yamoyo ngati sinagonepo.

Kapitawo wa lole anaitana. Aroni anaimirira, akukutumula thonje m'tsitsi. "Koma mwabwera ndi chiyani kuno, a Mbewe? Simunanene."

Dzanja langa linali m'thumba la jekete, likugwira kalata.

"Ndimangodutsa," ndinatero.

"Mwachita bwino kundiona. Mukapereke moni kwa amayi kunyumba." Anawerama, mnzake anamusenzetsa belo, n'kupita ku lole miyendo ikunjenjemera.

Lolemba m'mawa ndinabweza kalata kwa bwana wa magalasi, malo a dzina ali osalemba. Ndinati ndafufuza Katete yense mpaka ku Sinda, palibe woyenera. Kenaka ndinapempha chitini cha kanema wa mkamwini, sizasi ndi guluu. Ndinadula pa kanjira paja n'kuika kutsogolo. Kanemayo anazunguliranso midzi, anthu anaonera ali chete, ndipo alangizi a zaulimi ankachita kumulimbirana. Kalata yoyamikira imene ili m'galasi pabalaza, imene mumaonetsa alendo kuti atate athu anali katswiri woweruza makanema, inabwera chifukwa cha ntchito imeneyo. Amayi anu ndinawauza kuti a Tembo sindinawapeze, anasamukira ku migodi.

Aroni sanapite ku migodi. Anakhala ku Sinda komweko, akusenza katundu wa anthu mpaka msana unakana. Mpando wachiwiri uja sanauchotse, unakhala pambali panga wopanda munthu mpaka Chitaganya chinatha kumapeto kwa chaka. M'mawa uliwonse ndikafika ndinkaikapo chipewa changa.